Mtengatenga, Njanji ndi Lole ya Mlendo

Munthu aliyense wokhala ku Zomba amaudziwa mseu waukulu umene uchokera ku Limbe, nudzera pa Namadzi ndi pa Thondwe, nulowa m'tauni patsinde pa phiri, nupitirira ku Songani ndi ku Domasi kufikira ku Liwonde. Pa mseu umenewu pamapita malole usana ndi usiku. Ena ndi a kuno kwathu, ena ndi a ku Mozambique, a ku Tanzania, a ku Zimbabwe ndi a ku South Africa. Ndipo inu amene mwaphunzira kuwerenga mungathe kuwazindikira poona zilembo ndi manambala olembedwa kumbuyo kwake.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene chimadabwitsa anthu ambiri. Lole ya ku Mozambique imene yalowera pa chipata cha Chiponde ikatsitsa katundu wake ku Limbe, nthawi zina imabwerera yopanda kanthu. Ingakhale ipeze munthu wamalonda pa Songani ali ndi matumba a mpunga ofunika kupita ku Mangochi, kumene iyo yomwe ikukadzera, woyendetsa amakana kuwakweza. Sakana chifukwa cha kuuma mtima ayi. Amakana chifukwa lamulo limamletsa: lole ya mlendo ikhoza kubwera ndi katundu wochokera kunja, ikhozanso kutuluka ndi katundu wopita kunja, koma siiloledwa kutola katundu pamalo pena m'dziko muno ndi kukamtula pamalo pena m'dziko lomwe lino.

M'nkhani yino tifuna kulondola kumene lamulo lotere linachokera. Funso lakuti ndani anyamule katundu wa dziko lino si la lero, ndipo Zomba walimva kuyambira kale, pakuti malamulo ambiri a za njira anapangidwira pomwe pano. Tidzaona kuti nthawi zonse pamene wonyamula wina anatsekeredwa njira kuti mnzake adye, panali munthu wachitatu amene analipira.

Katundu wa pamutu

Azungu asanafike, katundu wambiri wa dziko lino anali kuyenda pamutu. Amalonda a Chiyao anali kudzera m'tsinde mwa phiri la Zomba ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa atasenza minyanga ya njovu, akukusa akapolo kunka nawo ku Quelimane ndi ku madoko ena a kunyanja yamchere. Pobwera anali kutenga nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Masiku amenewo kunalibe chipata cha kasitomu, koma malire analipo ndithu. Ulendo sunali kungodutsa m'dziko la Malemia kapena la Kawinga osapereka mphatso kwa mwini dziko.

M'chaka cha 1878 inayamba kampani ya African Lakes, imene makolo athu anaitcha Mandala, ndipo inaika sitima zake pa Zambezi, pa Shire ndi panyanja. M'chaka cha 1886 John Buchanan, amene anali kulima khofi m'mbali mwa Mulunguzi, anamangira Consul Hawes nyumba ya nsanja ziwiri zosongoka, ndipo anthu amati nsonga zimenezo ndizo zinapatsa malowo dzina lakuti Masongola. Pamene Angerezi analitenga dziko lino m'chaka cha 1891, Harry Johnston anakhala m'nyumba yomweyo, Zomba nasanduka likulu la Boma.

Taganizani tsono za likulu lomangidwa m'chiuno mwa phiri, kutali ndi nyanja yamchere, popanda mtsinje woyendamo ngalawa. Pepala lililonse la mu ofesi, msomali uliwonse, lata lofolerera ndi botolo la mankhwala, zonsezi zinayenera kudzera m'dziko la eni ake, ndilo la Apwitikizi. Chifukwa chake mu June 1891 Angerezi anachita pangano ndi Apwitikizi. Zambezi ndi Shire inatsegulidwa kuti ngalawa za mitundu yonse ziyendemo mwaufulu, ndipo Angerezi anabwereka kadera pa doko la Chinde kwa zaka 99, kuti azitsitsirapo katundu wobwera kuno popanda msonkho wa Apwitikizi. Ichi tichisunge m'mutu. Pamene Angerezi anali alendo pa mtsinje wa mnzawo, mau awo anali akuti njira ikhale ya onse.

Koma Shire ali ndi mathithi, ndipo sitima siikwera mathithi. Inali kulekeza pa Katunga pafupi ndi Chikwawa, kapena pa Chiromo madzi akachepa. Kuchokera pamenepo katundu anali kukwera pamitu ya anthu, kukwera naye chitunda chija cha Chikwawa kufika ku Blantyre, ndi kuyendanso mailosi 40 kufika ku Zomba. Mtolo wa munthu mmodzi unali wolemera mapaundi 50 kapena 60. Anthu amenewa ndiwo anatchedwa amtengatenga. Sanali kubwera chifukwa chokonda ntchitoyo. Anali kufuna masheleni atatu a msonkho wa nyumba, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 Boma linakweza msonkhowo kwa munthu amene sanagwireko ntchito kwa Mzungu mwezi wathunthu. Motero msonkho ndiwo unali ngati mafuta oyendetsera katundu. Dzina lawo silinafe. Kufikira lero tikamanena za unduna woyang'anira miseu, njanji ndi ndege, timati unduna wa za mtengatenga, ngakhale ambiri onena mauwa sadziwa kuti akutchula makosi a agogo awo.

Goli la amtengatenga linalemera koposa pa nkhondo ya Ajeremani imene inayamba mu 1914. Zomba anali kwawo kwa asilikali a King's African Rifles, ndipo nkhondo itakula kumpoto, chakudya ndi zipolopolo zinayenera kuwatsata kumene kunalibe mseu. Amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko lino anatengedwa kukasenza katundu wa nkhondo, ambiri mowakakamiza, ndipo ochuluka anathera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo. John Chilembwe anali atadandaula kale mu November 1914 za kulowetsa anthu akuda m'nkhondo imene sinali yawo. Pa nkhondo yomweyo malole anayamba kuoneka ambiri pa mseu wochokera ku Limbe kudzera pa Zomba kupita ku Fort Johnston, kumene lero timati ku Mangochi. Chipilala chachitali chimene chili polowa m'tauni chimakumbutsa za nkhondo imeneyo.

Njanji imene sinafike ku likulu

Azungu a minda anali kudandaula kuti ntchito ya mtengatenga ikuwalanda antchito, napempha njanji. Njanji yoyamba inachokera ku Port Herald, ndiko ku Nsanje, nifika ku Blantyre mu 1908. Mu 1915 inatalikitsidwa kufika ku Chindio m'mbali mwa Zambezi. Mu 1922 ina inachokera ku Beira nifika patsidya pa mtsinjewo. Ndipo mu 1935 unatha mlatho waukulu wa pakati pa Sena ndi Dona Ana, wotalika kupitirira mailosi awiri, njanji nipitirira kumpoto kufika ku Salima. Pa maulendo onsewa njanji inalambalala tauni ya Zomba. Bwanamkubwa ndi akalaliki ake anali kulandira katundu wawo pa steshoni ya ku Limbe, ndipo mailosi otsalawo inali ntchito ya ngolo ndi malole.

Njanjiyo inali ya makampani a ku London, ndipo inamangidwa ndi ngongole. Boma la Nyasaland linalonjeza kuti phindu likaperewera lidzalipira chiwongola dzanja cha ngongole ya njanji ya ku Beira, ndipo linalipiradi chaka ndi chaka, kuchokera m'thumba momwe munali kulowa msonkho wa nyumba. Mitengo yonyamulira katundu pa njanjiyi inali yokwera kwambiri kuposa ya ku Rhodesia. Pamene malole anachuluka, ndi mseu wodzera ku Tete kupita ku Salisbury, ndiye Harare wa lero, unayamba kupitika, amalonda anaona kuti katundu wina angayende motchipa pa mseu. Apa Boma linachita mantha. Katundu akathawira ku malole, njanji idzalephera kubweza ngongole, ndipo ngongoleyo idzagwera Boma. Chotero m'zaka za m'ma 1930 anaika malamulo omanga malole miyendo kuti asapikisane ndi njanji.

Malamulo amenewa anapangidwira ku Zomba, m'bwalo la aphungu limene linakhazikitsidwa mu 1907, m'mene munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe kufikira chaka cha 1949. Angerezi omwe aja anafuna njira ya onse pa Zambezi, tsopano anatseka njira pamtunda. Ndipo taonani amene anatetezedwa: sanali mwini dziko, koma mwini njanji wokhala ku London. Wolipira anali mlimi wa thonje wa ku chigwa cha Shire ndi mlimi wa fodya wa ku mapiri, amene anali kulandira zochepa pa mbeu zake chifukwa wogula anali atachotseratu mtengo wa njanji. Analipiranso mai wogula mchere ndi nsalu pa sitolo ya Mmwenye.

Pali chinthu china chimene munthu sangachiwerenge osapukusa mutu. Kumapeto kwa zaka zomwezo za m'ma 1930, Boma la Southern Rhodesia linaika malole onyamula amuna ochokera kuno opita kukafuna ntchito ku mapulazi ndi ku migodi, osalipiritsa kanthu, ndipo anthu anawatcha Ulere. Lole yonyamula katundu wotchipitsa moyo wa mlimi inali ndi mlandu, koma lole yonyamula mlimiyo kumchotsa pamunda pake inali yaulere.

Pamene njanji inaduka

Dziko litalandira ufulu pa 6 July 1964, Boma la Dr. H. Kamuzu Banda linamanga njanji yachiwiri yotulukira kunyanja. Inatsegulidwa mu 1970, kuchokera pa Nkaya, kuoloka Shire pa Liwonde, kufika pa Nayuchi ndi kulumikizana ndi ya ku Nacala. Mu 1975 likulu linasamukira ku Lilongwe, koma aphungu anapitirira kukumana ku Zomba kufikira m'zaka za m'ma 1990. Masiku amenewo pafupifupi katundu yense wolowa ndi wotuluka m'dziko anali kuyenda pa njanji ziwirizo, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, ndipo lole yachilendo inali chinthu chosaonekaoneka.

Zonsezi zinasinthika ndi nkhondo ya ku Mozambique pakati pa Boma la Frelimo ndi gulu la Renamo. Pofika 1984 njanji zonse ziwiri zinali zitaleka kutumikira dziko lino, ndipo mu 1986 mlatho wa Dona Ana unaphwasulidwa. Beira, amene ali pa mtunda wa makilomita osafika 700 kuchokera ku Blantyre, anasanduka ngati ali kutsidya kwa dziko lapansi. Fodya, tiyi ndi shuga zinayamba kupita ku Durban pa mseu, ulendo wa makilomita opitirira 2,000. Malole anali kudutsa m'chigawo cha Tete ali pamndandanda, asilikali a ku Zimbabwe akuwaperekeza ndi mfuti. Njirayo ikaopsa anali kuzungulira ku Lusaka, kumene kunali kutali koposa. Boma linatsegulanso njira ya kumpoto yopita ku Dar es Salaam.

Koma kodi malole onyamula katundu yenseyu anachokera kuti? Dziko limene linakula likudalira njanji linalibe malole akuluakulu okwanira. Anabwera a ku Zimbabwe ndi a ku South Africa, kumene makampani a mtengatenga anali atakhwima kale. Anatithandiza, tisakane, popanda iwo mafuta ndi feteleza sizikanafika. Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo uyu sanakamuke. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, koma njanji zinatenga zaka zambiri kuti zikonzedwe, amalonda anali atazolowera mseu, ndipo kuyambira nthawi imeneyo gawo lalikulu koposa la katundu wathu wakunja lakhala likuyenda pa matayala. Amalawi amene anagula malole awo anapeza kuti pa chipata chilichonse mnzawo wachilendo wafika kale.

Lamulo la masiku ano

Tsopano tifike pa lamulo limene tinayamba nalo. Lole siingodutsa malire ngati mbalame. Maiko awiri amachita pangano, ndipo mwini lole amatenga chilolezo kwawo chimene dziko linalo limachivomereza. Malawi ali ndi mapangano otere ndi anansi ake ndiponso ndi South Africa, ndipo m'dziko muno zilolezo zimayendera lamulo la za pamseu la chaka cha 1997. Chilolezocho chimalola lole ya ku Mozambique kutenga feteleza ku Nacala kudza naye ku Limbe, ndi kubwerera ndi nandolo kapena tiyi wopita ku doko. Chimalola lole ya Mmalawi kudutsa m'chigawo cha Tete popita ku Harare, malinga ngati siitsitsa kanthu m'njira. Chimene sichilola ndicho kulowerera malonda a m'kati mwa dziko la mwini. Mpunga wa pa Songani wopita ku Mangochi wayambira m'Malawi ndipo uthera m'Malawi. Ndi chakudya cha lole ya Mmalawi. Palinso lamulo lina lofanana nalo, limene kawirikawiri limaletsa lole ya dziko lachitatu kunyamula katundu pakati pa maiko awiri ngati ulendowo sudzera kwawo kwa loleyo.

Azungu amakutcha kunyamula kwa m'kati kotereku cabotage. Ndi liu la Chifalansa, ndipo poyamba linali kunena za ngalawa zoyenda m'mbali mwa gombe kuchokera pa doko lina kupita pa doko lina la dziko limodzi. Mwambo woletsa alendo ntchito imeneyi ndi wakale ndithu. Angerezi anaika malamulo oteteza ngalawa zawo mu 1651, ndipo sanawafafanize kufikira 1849, pamene ngalawa zawo zinali zitaposa za mitundu yonse. Amerika ali ndi lamulo la 1920, lotchedwa Jones Act, limene limafuna kuti katundu woyenda pamadzi pakati pa madoko awo anyamulidwe ndi sitima zomangidwa kwawo, za eni dziko. Ngakhale ku Ulaya, kumene maiko ambiri anachotsa zipata pamalire awo, khomo ili analitsegula pang'ono chabe: mwa lamulo la 2009, lole yachilendo imene yatsitsa katundu ikhoza kuchita maulendo atatu a m'kati pa masiku asanu ndi awiri, ndipo kuyambira 2022 ikatero iyenera kupuma masiku anai isanachitenso zotero m'dziko lomwelo. Ndikaona mbiri iyi ndimati amphamvu amatsegula khomo akatha kukhuta.

Ku chigawo chathu chino maiko ayesetsa kufewetsa malire. Bungwe la COMESA, limene linakhazikitsidwa pa msonkhano wa ku Lilongwe mu December 1994, lili ndi chilolezo chimodzi cha onyamula katundu, ndiponso chiphaso cha inshuwalansi chotchedwa Yellow Card chimene chimagwira ntchito m'maiko angapo. Koma tsoka lake ndi ili: Mozambique anatuluka m'bungweli mu 1997, Tanzania natuluka mu 2000, ndipo South Africa sanalowemo ndi kale lomwe. Maiko atatu amenewa ndiwo eni madoko onse amene ife timadalira. Chimene chimatimanga pamodzi ndi iwo ndi pangano la SADC la za mtengatenga, losainidwa ku Maseru mu August 1996, limene linalonjeza kumasula pang'onopang'ono maulendo odutsa malire. Koma katundu wa m'kati anatsala m'manja mwa dziko lililonse. South Africa anaika lamulo lake mu 1998, loletsa mlendo kunyamula katundu wa m'kati popanda chilolezo chapadera. Motero dalaivala wa ku Chinamwali akatsitsa fodya ku Durban sangatole katundu kumeneko wokatula ku Johannesburg, ngakhale njira yake yobwerera idzera pomwepo. Chimene timletsa mlendo kuno, nafenso amatiletsa kwawo.

Wopindula ndi wolipira

Tiyeni tiwerengere monga tichitira pa masamu. Tiyerekeze kuti lole ya munthu wa ku Zomba imamwa malita 100 a dizilo popita ku Mangochi ndi kubwerako. Ngati kumeneko sakapeza katundu wobwera naye, mwini mpunga ayenera kulipira malita onse 100, pamodzi ndi malipiro a dalaivala ndi wothandiza wake, ndi kutha kwa matayala. Tsono lole ya ku Nacala ija ulendo wake unalipiridwa kale ndi mwini feteleza, kupita ndi kubwera komwe. Idzadutsa pa Mangochi ngakhale ikhale yopanda kanthu. Chilichonse chimene dalaivala wake angalandire pa mpungawo ndi phindu lokhalokha, ndipo akhoza kutchula theka la mtengo, nakhala wokondwa. Palibe Mmalawi angapikisane ndi mtengo wotero. Akapirira mwezi umodzi, wachiwiri adzagulitsa lole.

Palinso china. Katundu wolowa m'dziko muno, monga mafuta, feteleza, tirigu ndi zitsulo, ndi wochuluka kuposa wotuluka, ndipo wotulukayo ali ndi nyengo yake. Fodya amayenda misika ikatsegulidwa, kenaka kuli zii. Chotero malole obwerera opanda kanthu sasowa. Ndiponso katundu wolowayo amayambira pa doko, pakhomo pa mwini lole wa ku Beira kapena wa ku Dar es Salaam, amene amamva msanga kuti sitima yafika. Wa kuno ayenera kuyenda ulendo wautali kukampeza, atagula lole yake ndi ngongole ya chiwongola dzanja chokwera. Lamulo likachotsedwa lero, katundu wa pakati pa Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, amene ndiye mnofu wa malonda a m'kati, adzapita kwa alendo. Ndipo tsiku limene malire adzatsekedwa ndi nkhondo kapena mkangano, monga tinaonera m'zaka za m'ma 1980, tidzapezeka tilibe ndi lole yomwe yotengera chimanga ku Nsanje. Chifukwa cha ichi ine ndimaona kuti lamuloli liyenera kukhalapo, kufikira tsiku limene anansi athu adzatsegula khomo lawo pa muyeso womwewo.

Koma tisadzinamize kuti ndi laulere. Walira mvula walira matope. Lole ikamayenda yopanda kanthu, mafuta amene ikutentha anagulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko limazipeza movutika, ndipo mtengo wake unabisika kale m'thumba la feteleza limene mlimi adzagula. Mwini mpunga wa pa Songani amalipira mtengo wokwera, naukankhira kwa mai wogula ku Mangochi. Ndipo eni malole akadziwa kuti palibe wowasokoneza, pamakhala chiyeso chakuti agwirizane mitengo ndi kuleka kukonza magalimoto awo. Lamulo la m'ma 1930 linateteza mlendo kwa mwini dziko. La lero liteteza mwini dziko kwa mlendo. Kusiyana kumeneku ndi kwakukulu, ndipo sindikuchepetsa. Koma pa malamulo onse awiri dzanja lopisa m'thumba ndi la munthu mmodzimodzi.

Nkhani ya kuteteza ntchito ikatuluka m'manja mwa lamulo imaopsa. M'zaka za 2018 ndi 2019 malole ambiri anatenthedwa pa mseu wa N3, wa pakati pa Durban ndi Johannesburg, ndi anthu onena kuti madalaivala achilendo akuwalanda ntchito. Anthu anafa, ndipo madalaivala a maiko oyandikana, ndi athu omwe, anayenda ndi mantha. Mkangano umenewo unali wa munthu wogwira chiwongolero, osati wa katundu, koma muzu wake ndi womwewo. Pepala la chilolezo likamkana munthu pa chipata, iye amabwerera kwawo ali moyo.

Chotsala ndi ichi, ndipo chimakhudza anthu a m'boma la Zomba koposa zonse tanenazi. M'chaka cha 2009 akatswiri a World Bank anafufuza chifukwa chimene kunyamula katundu m'Malawi kuli kokwera mtengo. Anapeza kuti mtengo woopsa suli pa miseu ikuluikulu yopita ku madoko, koma pa timiseu tochokera kumidzi kufika ku misika, kumene kunyamula thumba mtunda wofanana kumadya ndalama zowirikiza kambirimbiri. Zifukwa zake ndi miseu yoipa, katundu wochepa, kubwerera opanda kanthu, ndi kuchepa kwa magalimoto opikisana. Kumeneko lamulo loletsa mlendo silithandiza ndipo silipweteka, pakuti lole ya matayala 22 ya ku Durban siinafunepo kupita ku Kachulu kukatenga matemba, kapena kutsika ku Chingale nyengo ya dzinja. Mlimi wa ku Mayaka amakambirana mtengo ndi mwini kagalimoto kamodzi kamene kafika tsikulo, ndipo akakana, nandolo wake agona panja. Wina amamanga matumba awiri pa njinga, naikankha kufika ku Jali. Ndipo pa mseu wotsika ku Ku Chawe, m'mawa uliwonse, amai amatsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa msinkhu wawo, nadutsa kumtunda kwa nyumba ija ya nsanja ziwiri, katundu ali pamutu.